Mphepo ya pa Chitunda: Gawo 4

Mwera unafika Lachitatu madzulo, kutatsala sabata imodzi kuti a Fomu 4 ayambe mayeso. Kunyanja asodzi anali atakokera kale mabwato kumtunda. Pasukulu ya pachitunda paja anthu ankangosekerera, poti mapiko atatu a makina opanga magetsi ndi mphepo ankazungulira osaonekanso, ndipo mababu onse 6 a m'kalasi anali ngwee.

Tiyamike yekha ndiye mtima sunali m'malo. Masana malume ake, amene anawotcherera nsanja ya makinawo, anamuitanira pansi pake asanakakwere basi yopita kumaliro ku Kasungu.

"Tamvera, Tiya. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imachuluka ka 8. Chimene chimagwira mapikowa kuti asapenge ndi batire ija. Ikamakoka magetsi, jenereta imalemera. Wina akangoichotsa mphepo ili mkati, basi, palibenso chogwira."

"Nanga mchirawo, malume? Paja munati umapindika wokha mphepo ikanyanya?"

"Umayenera kutero, koma hinji yake yachita dzimbiri, girisi anandithera. Zikavuta, ugunditse mawaya awiri otsika kumwambawa. Ndiyo buleki yake imeneyo. Osati a kubatire, ungapse nawo."

Makinawo sanali achilendo kwenikweni. Panalibe mwana wasukulu amene sankaidziwa mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe mu 2002, atasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala ija, anamanga ake ndi dayinamo ya njinga, fani ya thirakitala ndi mapaipi a pulasitiki owongola pamoto. Ndipo monga zinachitikira ku Wimbe mvula itavuta, kunonso kunali onong'ona kuti chinthucho chimabalalitsa mitambo. Onong'ona omwewo, tisabise, ndi amene ankalawirira kudzatchajitsa mafoni pawindo la ofesi ya ahedi.

Itangokwana 9 koloko, mababu anathima onse nthawi imodzi.

"Aaa, zayambika!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo. Ena anaseka, ena n'kuyamba kumenya madesiki.

Tiyamike sanaseke. Ankamvetsera kunja. Phokoso lija lomwe analizolowera, la fuu, fuu, fuu, linali litasintha. Tsopano makinawo ankalira ngati chigayo chimene chimanga chathamo koma injini ikadali pamoto.

Anatenga tochi ya mnzake n'kuthamangira kukachipinda ka batire, kuseri kwa sitolo ya mabuku. Chitseko chinali pululu. Pa thabwa panangotsala chidindo cha fumbi pomwe batire inkakhala. Anaunika loko: sanathyoledwe ayi, anali lendee pa chitsulo chake, wotsegulidwa bwinobwino. Makiyi a loko ameneyo analipo awiri okha. Ina inali kwa ahedi. Inayo inali pa mkoko wa makiyi a malume ake.

Analibe nthawi yoti aziganizire zimenezo. Anafufuza pakhoma pomwe mawaya ochokera kunsanja ankalowera. Panali bowo lokha. Wakubayo anali atasolola ndi mawaya omwe, poti kopa ali ndi msika.

"Agogo! Agogo a mlonda!"

Palibe anayankha. Pamalo pawo panali mbaula yokha, makala akuthetheka ndi mphepo.

Atafika pansi pa nsanja anaona pomwe anadulira. Nsonga ziwiri za mawaya zinkakupiza m'mwamba, pafupifupi pakati pa nsanja ya mamita 12 ija, poti munthu sangafike popanda kukwera. Nsanja yonse inkanjenjemera mpaka ankazimva m'mapazi. Kenaka thaa! Chimodzi mwa zingwe zinayi zachitsulo zoigwira chinaduka n'kukwapula malata, ndipo mutu wa makinawo unapendekera mbali ya kalasi, momwe anzake 40 anali akuimbabe nyimbo mumdima.

"Tulukani! Tulukani m'kalasimo!"

Mphepo inawameza mawuwo.

Anavula masilipasi, n'kuluma tochi ija ndi mano. Chitsulo chinali chozizira, chikugunda m'manja. Anakwera sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Atatukula mutu kuti aone pomwe mawaya ali, kuwala kwa tochi kunagwera pa nsapato. Nsapato za munthu, zitaponda pa chitsulo chopingasa, pamwamba pa mutu wake.

"Zimitsa tochiyo, Tiya," anatero munthuyo motsitsa mawu.

Mawuwo ankawadziwa.

Ipitirira sabata yamawa.