Mwana wopanda cédula Boma silimudziwa

Mnyamata wina wa kumapiri a Angónia anatipeza kuno ku wailesi atanyamula khadi la kusikelo limene mai ake anasunga m'sutikesi zaka 19, mbali imodzi chiswe chitadya. Iye amafuna Bilhete de Identidade kuti akafunsire ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, koma bilhete sapatsa munthu amene kubadwa kwake sikunalembedwe m'buku la Registo Civil. Anabwerera kumudzi kukafuna mboni zomudziwa chibadwire, ndipo pamene zonse zimatheka, anzake anali atayamba kale ntchito.

Inu awerengi, anthu otere ndi ambiri pakati pathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu m'Mozambique, olembetsedwa anali 48 okha.

Chifukwa china tikuchidziwa tonse. Kwathu mwana akabadwa amakhala m'chikuta kufikira mchombo utagwa, ndipo dzina silitchulidwa msanga. Mwambo umenewu ulibe mlandu ai, pakuti ndi wa masiku ochepa chabe. Chimene chimachedwetsa ndi kudikira bambo. Bambo ali ku Joni kapena ku minda ya fodya, mai akuopa kuti akalembetsa okha akuchimuna adzati mwatilanda mwana. Miyezi ikupita, mvula yagwa, milatho yaduka, nkhani yaiwalika. Chonsecho lamulo limalola mai kulembetsa mwana ali okha.

Palinso makolo amene iwo eni alibe pepala lililonse. Ambiri anabadwira kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi, nabwera kuno pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 opanda chowalembera. Oterewa amachita manyazi kufika pa ofesi, poganiza kuti akawabweza. Kunena zoona, kuli bwino kupita ndi kukalembetsa onse, kholo ndi mwana yemwe.

Lamulo la Registo Civil la 2004 linaika masiku 120 olembetsa mwana osalipira kanthu; wochedwa ndiye ankalipira. La 2018 linabweretsa kulemba pa kompyuta, ndiponso nambala yotchedwa NUIC imene mwana amakhala nayo moyo wake wonse. Khadi la kusikelo lija ndi la katemera ndi kulemera kwa mwana basi, silingalowe m'malo mwa cédula. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo amazindikira mwana atafika pa mayeso a kusukulu.

Kwa ana aakazi nkhaniyi ndi yolemera koposa. Kuyambira 2019 kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu, koma mtsikana wopanda pepala amalume ake akhoza kungomuonjezera zaka ndi pakamwa, mfumu n'kusowa pogwira.

Tsono popita ku Conservatória kapena ku Posto Administrativo, tengani khadi la kuchipatala la mwanayo ndi mabilhete anu ngati muli nawo. Zipatala zina zazikulu zili ndi wolembera pomwepo pa maternidade, funsani anamwino musanatuluke. Ndipo asanakupatseni pepalalo, auzeni akuwerengereni dzina mokweza, chifukwa maina athu a Chichewa akalembedwa ndi khutu la Chipwitikizi amasintha, ndipo kukonzetsa chilembo chimodzi ndi ulendo winanso wa kuboma.