KUKONZEKERA OPALESHONI YOSINTHA VALAVU YA MTIMA

M'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu mumafika achinyamata ndi amayi otumizidwa kuchokera m'zipatala zazing'ono chifukwa cha phuma, kutupa miyendo ndi kugunda kwa mtima kosalongosoka. Akaunikidwa, ena mwa iwo amauzidwa kuti valavu ya mtima wawo inaonongeka ndipo iyenera kusinthidwa. Mawu otere amadetsa nkhaŵa wodwala ndi abale omwe, ndipo ambiri amabwerera kumudzi akuganiza kuti chatsala n'kungodikira tsiku loitanidwa. Maganizo ameneŵa ndi olakwika. Opaleshoni yeniyeniyo imatenga maola 3 mpaka 5 okha, koma kuti iyende bwino zimadalira kwambiri zimene wodwala, banja lake ndi chipatala cha kwawo achita m'miyezi ya kudikira.

Valavu ndi ntchito yake

Aliyense amene anatungapo madzi pa mjigo amadziŵa kuti mphira za m'kati mwake zikatha, madzi amabwerera pansi, ndipo munthu amapopa mpaka thukuta kamukamu ndowa osadzaza. Mtima nawo ndi pampu. Uli ndi zipinda zinayi ndi mavalavu anayi, amene ali ngati tizitseko totsekuka kuloza mbali imodzi yokha kuti magazi apite kutsogolo osabwerera. Valavu ikaonongeka imalephera kutseka bwino, magazi n'kumabwerera m'mbuyo, kapena imauma ndi kupanikizika, magazi n'kumadutsa movutikira. Zikatero mtima umagwira ntchito yoposa mphamvu zake, umakula, kenaka umafooka. Madzi amadzaza m'mapapo, m'miyendo ndi m'mimba, ndipo wodwala amabanika akagona chagada.

Kuno kwathu vutoli limayamba kaŵirikaŵiri munthu ali mwana. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda za kukhosi zoyambitsidwa ndi tizilombo ta streptococcus, osalandira penisilini, pakapita masabata aŵiri kapena atatu thupi lake polimbana ndi tizilomboto limatha kuvulaza mfundo ndi mavalavu ake omwe. Matenda ameneŵa amatchedwa rheumatic fever, ndipo akamabwerezabwereza amasiya zipsera pa mavalavu, makamaka aŵiri a mbali ya kumanzere otchedwa mitral ndi aortic. Kafukufuku wa m'boma la Lilongwe amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza zizindikiro za matendaŵa mwa ana pafupifupi 3 pa ana 100 alionse amene anaunikidwa, ngakhale kuti anawo ankaoneka athanzi.

Si valavu iliyonse yodwala imene imachotsedwa. Ina imangosokedwa, ina imakuzidwa ndi kachibaluni koloŵetsedwa kudzera mu mtsempha. Koma yoonongeka kotheratu imasinthidwa. Ntchito imeneyi si yachilendo: mu 1960 dokotala Albert Starr wa ku Portland, m'dziko la America, anaika bwinobwino valavu yopanga imene anaikonza pamodzi ndi injiniya Lowell Edwards, ndipo kuyambira pamenepo anthu ochuluka zedi athandizidwa. Kwa zaka zambiri odwala ambiri a m'Malaŵi akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India ndi South Africa, ndipo mndandanda wa odikira umakhala wautali.

Kusankha mtundu wa valavu

Nkhani yaikulu yofunika kuikambirana ndi dokotala nthaŵi ikadalipo ndi ya mtundu wa valavu, pakuti chosankhachi chimatsata munthu moyo wake wonse.

Mtundu woyamba ndi valavu yopangidwa ku fakitale, imene ambiri amaitcha yachitsulo. Imeneyi ndi yolimba, ndipo kaŵirikaŵiri imakhala mpaka munthu kukalamba. Koma walira mvula walira matope: magazi amakonda kuundana pa valavu yotere, choncho mwini wake ayenera kumwa mankhwala a warfarin tsiku lililonse kwa moyo wake wonse, ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi. Magazi akaundana, valavu imatha kutsekeka, kapena chotupa cha magazicho chimathamangira ku ubongo, munthu n'kufa ziŵalo.

Mtundu wachiŵiri ndi wopangidwa kuchokera ku mnofu wa mtima wa nkhumba kapena wa ng'ombe. Umenewu kaŵirikaŵiri sufuna warfarin wa moyo wonse, koma umatha pakapita zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata umatha msanga koposa apa. Ukatha pamafunika opaleshoni ina. Wodwala amene chipembedzo chake sichilola nkhumba anene poyera, pakuti ya ng'ombe iliponso.

Pokambirana, wodwala anene zoona zokhazokha pa zinthu izi: mtunda wochokera kwawo kufika ku chipatala chimene chimayeza magazi a anthu omwa warfarin, ndalama ya ulendo imene banja lingathe kupeza mwezi ndi mwezi, ndiponso mmene msewu umakhalira nthaŵi ya dzinja. Mtsikana kapena mayi amene akufuna kudzabereka anene zimenezi mopanda manyazi, chifukwa warfarin amatha kulumaza mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi itatu yoyamba ya pakati. Ndi bwino kuti mwamuna wake kapena makolo akhalepo pa zokambiranazo.

Zoyenera kuchita m'miyezi ya kudikira

1. Kumwa mankhwala mosadumphitsa. Mankhwala ochotsa madzi m'thupi ndi othandiza mtima amasunga mphamvu za wodwala mpaka tsiku la opaleshoni. Jakisoni wa benzathine penisilini, amene amabayidwa pa masabata 3 kapena 4 alionse monga dokotala walembera, amateteza mavalavu kuti asaonongeke moonjezereka. Jakisoniyu amapweteka, koma sayenera kuthaŵidwa. Omwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi apitirize.

2. Kuonetsa mano. Ambiri amadabwa kuti mano akukhudzana bwanji ndi mtima. Tizilombo ta m'dzino lobooka kapena m'nkhama zotupa timaloŵa m'magazi n'kukamanga chisa pa valavu yatsopano, ndipo matenda otere ndi oopsa kwambiri. Dzino lodwala lichiritsidwe kapena lizulidwe ku chipatala opaleshoni isanachitike, ndipo wozulayo auzidwe kuti munthuyo ali ndi vuto la mtima. Kutsuka mano m'maŵa ndi madzulo kukhale chizoloŵezi.

3. Kuchiza matenda ena onse. Zilonda za pakhungu, zithupsa, mphere, chifuwa ndi malungo zingachititse kuti opaleshoni iimitsidwe munthu atafika kale kutali. Wodwala agone m'neti usiku uliwonse.

4. Kudya bwino. Thupi loonda ndi losoŵa magazi silichira msanga. Nyemba, nandolo, mtedza, usipa, mazira ndi ndiwo zamasamba zimamanga thupi. Mchere uchepe kwambiri m'ndiwo chifukwa umasunga madzi m'thupi.

5. Kusiya fodya ndi moŵa. Fodya wosuta ndi wofwenkha yemwe asiyidwe masabata ambiri tsiku lisanafike, kuti mapapo ayere ndi kuti bala lidzapole bwino.

6. Kupeŵa kutenga pakati. Mtima wodwala sutha kusenza mtolo wa pakati, ndipo amayi ena amataya moyo pa chifukwa chimenechi. Anamwino a za kulera adzathandiza kusankha njira yoyenera munthu wodwala mtima.

7. Kusamala zikalata. Buku la kuchipatala, zithunzi za ekiselo ndi zotsatira za kuunika mtima zisungidwe m'pepala la pulasitiki. Ngati ulendo ndi wa kunja, pasipoti ya wodwala ndi ya womuperekeza zikonzedwe msanga. Nambala ya foni imene inasiyidwa ku chipatala ikhale yogwira ntchito, chifukwa uthenga woitana umatha kubwera mwadzidzidzi.

Phuma likakula, munthu akakomoka, akatsokomola magazi kapena miyendo ikatupa mofulumira, apite ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene analemberedwa.

Udindo wa banja

Mutu umodzi susenza denga. Abale akhale pansi ndi kugaŵana ntchito nthaŵi ikadalipo. Womuperekeza akhale munthu wamkulu, wathanzi, wodekha, ndipo ngati n'kotheka wodziŵa kuŵerenga, kuti adzamve bwino malangizo a mankhwala. Pa opaleshoni dokotala amadula fupa la pachifuwa, ndipo fupalo limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane. Pa nthaŵi yonseyi wodwala sayenera kulima, kusinja, kuŵaza nkhuni, kusenza ndowa ya madzi, kubereka mwana kumbuyo, kupalasa njinga kapena kunyamula katundu woposa makilogalamu 5. Tsono banja lidziŵiretu amene adzalime munda, amene adzatunge madzi ndi amene adzasamale ana. Mayi amene wabwerera ku mtondo patangopita masabata aŵiri chifukwa chosoŵa womuthandiza amaika bala lake pa ngozi.

Masiku otsiriza ndi tsiku la opaleshoni

Wodwala akafika ku chipatala cha opaleshoni amayezedwanso magazi, mapapo, impso ndi mtima. Atchule mankhwala onse amene akumwa, a zitsamba omwe, ndiponso mankhwala amene anamuŵengapo. Amene anayamba kale warfarin amauzidwa tsiku losiyira. Asasiye mwa yekha. Asanasaine chikalata chovomereza, dokotala amafotokoza ngozi zimene zingakhalepo, monga kutaya magazi, bala kuloŵa tizilombo, kufa ziŵalo, ngakhale imfa imene. Ngozi zimenezi zilipodi, koma ochuluka amachira, ndipo kukhala ndi valavu yoonongeka kotheratu popanda chithandizo n'koopsa koposa. Kufunsa mafunso pa nthaŵi imeneyi si mwano.

Madzulo ake wodwala amasamba ndi sopo wopha tizilombo, ndipo kwa maola osachepera 6 opaleshoni isanayambe sadya kanthu. Womuperekeza asam'patse phala mobisa pomumvera chisoni, chifukwa chakudya chingakwere n'kuloŵa m'mapapo munthu atagonekedwa. Pa opaleshoni wodwala amakhala m'tulo ta mankhwala, osamva ululu, pamene makina apadera akugwira ntchito ya mtima ndi mapapo. Podzuka amapezeka m'chipinda cha odwala osamalidwa mwapadera, ali ndi paipi ya mpweya kukhosi ndi timapaipi tina pachifuwa. Abale asachite mantha poona zimenezi. Zimachotsedwa pakapita maola kapena masiku ochepa. Anamwino amalimbikitsa wodwala kupuma mozama, kutsokomola atakumbatira pilo pachifuwa, ndi kuyamba kuyenda msanga. Ambiri amatuluka pakatha sabata limodzi kapena masiku 10.

Zofunika kuzidziŵiratu za warfarin

Malamulo a mankhwalaŵa aphunziridwe opaleshoni isanachitike, mutu ukadali wopepuka. Warfarin akachepa magazi amaundana. Akachuluka munthu amataya magazi. Muyeso wake umadziŵika poyeza magazi pa njira yotchedwa INR, ndipo dokotala amalemba m'buku manambala oyenera wodwalayo. Mapilitsi amwedwe nthaŵi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo ena akatengedwe akale asanathe.

Ndiwo zamasamba monga nkhwani, chigwada, bonongwe ndi mpiru zimachepetsa mphamvu ya warfarin. Siziletsedwa ayi, koma zidyedwe mofanana tsiku ndi tsiku, osati zambiri m'dzinja n'kusiyiratu m'chilimwe popanda kuyezetsa. Bakitilimu amaonjezera mphamvu ya warfarin, pamene mankhwala a TB otchedwa rifampicin amaichepetsa. Asipilini ndi bulufeni wogula pa golosale asamwedwe popanda chilolezo cha dokotala. Kutema mphini n'koopsa chifukwa magazi sangaleke msanga. Kamfuno wosaleka, nkhama zotuluka magazi, mkodzo wofiira, chimbudzi chakuda bii, msambo wochuluka kapena mutu woŵaŵa kwambiri ndi zizindikiro zothamangira nazo ku chipatala. Thupi likatentha, munthu asangoti ndi malungo. Akayezetse, ndipo auze dokotala kuti ali ndi valavu yoikidwa. Kaphokoso konga ka wotchi kamene valavu yachitsulo imachita pachifuwa si vuto; ndi mmene imagwirira ntchito.

Opaleshoni imasintha valavu koma sichotsa rheumatic fever m'thupi, motero jakisoni wa penisilini amapitirira mpaka dokotala atanena. Ndipo banja limene laona mavuto ameneŵa lisaiŵale ana otsala pakhomo. Mwana aliyense wodandaula kukhosi ndi kutentha thupi, kapena wotupa maondo ndi akakolo, apite naye ku chipatala msanga, ndipo amalize mankhwala onse amene wapatsidwa. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi anamwino a pa chipatala chapafupi ndi okonzeka kufotokoza zambiri kwa aliyense wofunsa.