KODI KHOLO LINGATHAMANGITSE MWANA WOVUTA?

"Wakula ameneyu, akadzionere yekha." Mawu awa amamveka kawirikawiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, makamaka mnyamata akayamba kugona kudoko, kusuta chamba kapena kuba ndalama za usipa zimene mayi ake anasunga. Kwa mtsikana, mawuwa amatuluka akapezeka ndi pakati. Makolo amakhala atatopa, ndipo kutopa kwawoko nkomveka. Koma kodi malamulo a dziko lino amalola kholo kutaya mwana wotere? Tiyeni tione bwino nkhaniyi.

MWANA NDANI?

Kumudzi timati mnyamata akatuluka ku jando, kapena mtsikana akachoka ku nsondo, ndiye kuti wakula. Kunyanja amati amene angathe kupalasa bwato ndi kukoka chilimira ndi bambo. Boma silitero ayi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 23, ankati mwana ndi munthu wosafika zaka 16, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linatsata msinkhu womwewo. Koma mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha gawoli kuti mwana akhale aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Anachotsanso chilolezo chimene makolo anali nacho chokwatitsa mwana wa zaka 15. Izi zikugwirizana ndi pangano la bungwe la United Nations la 1989 lokhudza ufulu wa ana, limene Malawi anavomereza mu 1991.

Tsono mnyamata wa zaka 17, ngakhale atamera ndevu ndi kutalika kuposa bambo ake, pamaso pa lamulo akadali mwana.

UDINDO WA MAKOLO

Gawo 23 lomwe lija likuti ana onse ayenera kulandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa makolo awo, kaya makolowo ali pa banja, kaya sanakwatirane, kaya banja linatha. Lamulo la 2010 likutchula zinthuzo: chakudya, zovala, pogona, chithandizo cha kuchipatala ndi uphungu wabwino. Likutinso kholo likachokapo lionetsetse kuti mwana wasiyidwa m'manja mwa munthu wodalirika.

Awerengi, taonani kuti lamulo likunena za ana onse. Silikusankha omvera okha kapena okhoza m'kalasi okha. Mwana wamwano sataya ufulu wake wa nsima ndi pogona chifukwa cha mwano wakewo. Kholo lingathe kumdzudzula ndi kumuikira malamulo a pakhomo, koma kumtsekera kunja kuti azigona pa mchenga ku Msaka kapena ku Makawa ndiko kulekerera mwana, ndipo lamulo likukana zimenezo.

Pano pali mfundo imene imasokoneza ambiri. Pa chikhalidwe cha Chiyao ndi Chinyanja mwamuna amakhala pachikamwini, ndipo mwini mbumba ndi mjomba kapena malume. Nchifukwa chake banja likatha abambo ena amanyamula thumba lawo nkumati ana ndi a kuchikazi. Lamulo silichotsa ulemu wa malume, koma udindo woyamba limauika pa bambo ndi mayi onse awiri. Bambo amene anapita ku Joni kukagwira ntchito, nasiya ana ndi agogo, udindo wake sunatsale pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Akuyenera kutumiza thandizo.

Kholo likakana, nkhani ingathe kupita kubwalo la milandu la ana. Wokadandaula angakhale mwanayo, kholo linalo, wachibale, mphunzitsi, wapolisi kapena mlangizi wa zosamalira anthu. Bwalo silipempha zosatheka. Limayang'ana zimene kholo limapeza ndi ana ena amene likulera, kenaka nkugamula thandizo.

NAYENSO MWANA ALI NDI UDINDO

Anzanga achinyamata, tisawombe m'manja msanga. Lamulo lomwelo la 2010 likuti mwana alemekeze makolo ndi akuluakulu, ndipo awathandize molingana ndi msinkhu wake. Ndiponso kuyambira zaka 10 mwana angathe kuyankha mlandu. Kusiyana kwake nkwakuti mlandu wake umapita kubwalo la ana, makolo ake alipo, ndipo cholinga chimakhala kumuwongola. Pa milandu ing'onoing'ono angathe kungopatsidwa uphungu, kupepesa kapena kubweza chimene anaba. Zikakula amatumizidwa kosungira ana olakwa, monga ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba.

NANGA KHOLO LOTOPA LITANI?

Poyamba, lifufuze gwero la vutolo. Ana ambiri sayamba kuvuta popanda chifukwa. Kunyanja ndalama imabwera msanga: mnyamata akapita ndi alovi usiku umodzi amabwera ndi kangachepe m'thumba, ndipo sukulu imayamba kuoneka yotayitsa nthawi. Ena amaona anzawo obwera ku Joni ndi zovala zatsopano, mtima nkuchoka pa makope. Enanso amathawa njala kapena nkhanza za pakhomo. Tikumbukire kuti lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa wosafika zaka 18.

Chachiwiri, kholo lisavutike lokha. Mutu umodzi susenza denga. Pali ankhoswe, amalume, aphunzitsi ndi mafumu. Pa boma pali ofesi ya zosamalira anthu, kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa, ndipo pali nambala ya lamya yaulere ya 116 yothandiza pa nkhani za ana. Kupita kumeneko si kugulitsa mwana.

AKAKWANA ZAKA 18

Tsiku limeneli lamulo limamuwerenga ngati munthu wamkulu. Angathe kuponya voti ndi kulowa m'banja, ndipo akalakwa amaweruzidwa ngati wamkulu, ndende yake nkukhala ya akulu. Gawo 23 lija silimufikanso. Nawo malamulo a Mpingo a 1983 amaika ukulu pa zaka 18, ndipo amati kulera ana m'thupi, m'makhalidwe ndi m'chikhulupiriro ndi udindo waukulu koposa wa makolo.

Komatu nzeru sizibwera pa tsiku lobadwa. Kuno ambiri amayamba sukulu mochedwa, kotero amakwana zaka 18 ali Folomu 2 kapena 3. Kumsiya pamenepo kuli ngati kudula chimanga chili pafupi kucha. Akuluakulu anati mwana sakulira nakubala. Zaka ziwiri zotsiriza za ubwana zikhale zomukonzekeretsa. Atenge chiphaso cha unzika, chimene chimaperekedwa kuyambira zaka 16. Ngati sukulu yamukanikadi, aphunzire ukalipentala, utelala kapena kukonza injini za maboti.

Makolo athu, tikudziwa kuti nthawi zina timakulizani. Tidzudzuleni, tilangizeni, itanani amalume ngati kuli kofunika, koma chitseko musatseke. Ndipo ife achinyamata tisamanamizire ufulu pochita mwano, chifukwa chitetezo chimene lamulo likutipatsa lero chili ndi tsiku lake lothera.