Anzathu akale a pa sukulu ndi mitengo ya ku gombe

Ana inu, yang'anani mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Mumaphunzira pamodzi. Mumaimba pamodzi. Pa nthawi yopuma mumasewera pamodzi. Ameneyo ndi mnzanu wa pa sukulu.

Amai anu ndi atate anu analinso ana. Iwonso anali ndi anzao a pa sukulu. Lero tiwerenga za anzao amenewo. Tiona m'mene amasiyanirana, m'mene amapezerananso, ndi nchito yabwino imene angagwire pamodzi ku gombe la nyanja. Phunziro ili ndi lalitali. Muwerenge gawo limodzi pa tsiku, m'kalasi ndi aphunzitsi, kunyumba ndi akulu.

1. Anzathu amapita kuti?

Ana akakula amabalalika. Wina amatsala ku Angónia, nalima cimanga ndi mbatata ya kacewere. Wina amapita ku Moatize kukagwira nchito ya malasha. Wina amakhala mu mzinda wa Tete. Wina amapita kutali, ku Beira kapena ku Quelimane, kufupi ndi nyanja ya mcere.

Kale nkhondo inabalalitsanso ana ambiri. Masukulu ambiri anatsekedwa. Anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Ana a kalasi imodzi anasiyana osatsazikana. Nkhondoyo inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene atsogoleri anasaina pangano la mtendere ku Roma. Pambuyo pace anthu anabwerera kwao. Ena anapeza anzao. Ena sanawapeze.

2. Amapezana bwanji?

Anzao akale amakumana ku msika, ku ukwati kapena ku maliro. Masiku ano amafunananso pa telefoni, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Akakumana amayang'anana kaye, kenaka amakumbukirana.

"Kodi si iwe amene tinkaphunzira pamodzi pansi pa mtengo wa mango?"

"Ndine amene, mnzanga! Taona imvi m'mutu mwako!"

Amaseka. Amagwirana canza. Amakumbuka aphunzitsi ao. Amafunsana za ana ndi za kumudzi. Akulu amati madzi saiwala khwawa.

Kudya nsima pamodzi ndi kuceza ndi cinthu cabwino. Koma dzuwa likalowa aliyense amabwerera kwao, ndipo zaka zambiri zingapitenso osaonana. Anzao akakhala ndi nchito imodzi, amakhala ndi cifukwa cokumanirananso.

Kumudzi timadziwa dima. Pa dima anthu amalima pamodzi munda wa mnzao. Palinso nchito imene anthu amagwira popanda malipiro, kuti athandize mudzi wonse. Kumeneko ndiko kudzipereka. Munthu wodzipereka sakakamizidwa. Amabwera yekha, ndi mtima wace.

Nchito imodzi yotere ndi yosamala gombe. Anzao amene amakhala ku Beira kapena ku Quelimane angaitane amene ali kumtunda kuti adzathandizane. Tiyeni tione kaye gombelo.

3. Gombe la dziko lathu

Mtsinje wa Zambeze umalowa m'dziko lathu pa Zumbo. Umadutsa pa Cahora Bassa. Umadutsa mu mzinda wa Tete. Umayenda, umayenda, mpaka umathira m'nyanja yaikulu ya Índico, kufupi ndi Chinde. Madzi a nyanja imeneyi ndi a mcere. Samwedwa.

Pamene madzi a nyanja amakumana ndi mtunda timati gombe. Gombe la Moçambique ndi lalitali makilomita pafupifupi 2,700. Limayambira kumpoto pa mtsinje wa Rovuma, nilithera kumwera pa Ponta do Ouro.

Nyanja ya mcere ili ndi khalidwe lace. Madzi ace amakwera, kenaka amatsika. Amatero kawiri pa tsiku. Mwezi wa kumwamba ndi umene umakoka madziwo kwambiri. Madzi akatsika amasiya mcenga ndi matope poyera.

4. Mtengo wokhala m'matope

Cimanga cikathiridwa madzi a mcere cimafa. Mango nawonso amafa. Koma ilipo mitengo imene imakula m'matope a mcere. Nkhalango ya mitengo imeneyi pa Cipwitikizi amati mangal. Nkhalango zazikulu za mangal zili pamene Zambeze amathira m'nyanja. Zina zili ku Beira, ku Quelimane ndi ku Maputo.

Mitengo ya mangal ndi yodabwitsa. Ina ili ndi mizu yoimirira pamwamba pa matope, ngati miyendo ya nkhokwe. Mizu imeneyi imagwira mtengo kuti usagwe. Ina ili ndi timizu tambirimbiri totuluka m'matope, ngati mapensulo ozika pansi. M'matope mulibe mpweya wokwanira, tsono mtengo umapumira m'timizu timeneti. Ina imatulutsa mcere pa masamba ace.

Mbeu ya mitengo ina ya mangal ndi yaitali ngati citheba ca nyemba. Imayamba kumera ikali pa mtengo. Ikakhwima imagwa. Ina imazika pomwepo m'matope. Ina imayandama, nipita kukamera kwina.

5. Mangal amatithandiza bwanji?

Coyamba, mangal ndi nyumba ya ana a nsomba. Pakati pa mizu nsomba zazikulu zimalephera kulowa. Tiana ta nsomba, ta nkhanu ndi ta camarão timabisala m'menemo, timadya, timakula. Tikakula timapita ku nyanja yaikulu, kumene asodzi amatigwira. Camarão wouma amene amagulitsidwa m'misika yathu amacokera ku gombe. Mangal akatha, ndiwo zimenezi zimacepa.

Caciwiri, mizu imagwira dothi. Pamene palibe mitengo, mafunde amadya mtunda pang'onopang'ono, ngati m'mene madzi a mvula amakokololera munda wopanda mizere. Minda ndi nyumba za ku gombe zimagwera m'madzi.

Cacitatu, mitengo imacepetsa mphamvu ya mafunde. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wamkulu wochedwa Idai anafika ku Beira. Anasasula madenga, anagwetsa nyumba ndi masukulu. Anthu oposa 600 anamwalira m'dziko lathu. Mu Malichi 2023 namondwe wina, Freddy, anafika kufupi ndi Quelimane. Mitengo singaletse namondwe kubwera. Koma mafunde akapyola m'nkhalango yothithikana, amafika ku mudzi atafooka.

Cacinai, njuci zimakonda maluwa a mangal. Anthu a ku gombe amapeza uci.

6. Ciani cimaononga gombe?

Anthu amadula mangal kuti apeze nkhuni, makala ndi mitengo yomangira nyumba. Ena amadula kuti apeze malo opangira mcere kapena omangapo. Ambiri amatero cifukwa ca umphawi. Koma mtengo umadulidwa tsiku limodzi, ndipo umatenga zaka zambiri kuti ukule.

Ena amagwira nsomba ndi neti yotetezera udzudzu. Maso a neti imeneyi ndi aang'ono kwambiri. Imakokolola ngakhale tiana ta nsomba timene tikanakula. Neti ya udzudzu ndi yogonamo, kuti tisadwale malungo.

Zinyalala nazonso zimaononga. Thumba la pulasitiki siliola msanga. Limakola pa mizu ya mitengo ndi pa mbande. Likamayandama, kamba wa m'nyanja amaliyesa cakudya, nalimeza, nadwala kapena kufa. M'nyanja yathu ya mcere muli mitundu 5 ya akamba. Lamulo limaletsa kuwapha ndi kutenga mazira ao.

7. Tsiku la nchito

Ku Nhangau, kufupi ndi Beira, anthu a m'midzi amabzala mangal pamene anadulidwa. Ku Quelimane amabzalanso. Anzao akale a pa sukulu akafuna kuthandiza pa nchito yotere, amatsata njira iyi.

Poyamba amapita kwa mfumu ndi kwa akulu a gulu la asodzi. Amapereka moni, napempha cilolezo. Mlendo sayamba nchito pa malo a eni osafunsa. Eni malo ndiwo amadziwa nthawi imene madzi amatsika. Ndiwonso amadziwa pamene mitengo inali kale.

Kenaka amasankha malo. Mangal samera paliponse. Amafuna matope amene madzi a nyanja amafikapo ndi kucokapo tsiku ndi tsiku. Mbeu ikabzalidwa pouma, imafa. Ikabzalidwa pamene madzi sacoka, imafanso.

Amatola mbeu zokhwima. Satenga zanthete kapena zoboola ndi tizilombo.

Madzi akatsika, amalowa m'matope. Amaima pa mzere. Aliyense amazika mbeu, mbali yosongoka pansi, mbali yophukira masamba kumwamba. Sakwirira mbeu yonse. Amasiya mpata pakati pa mbeu ndi inzace, kuti mitengo isadzapanikizane. Matope amafika m'maondo. Wina akatitimira, mnzace amamukoka dzanja.

Ena amayenda pa mcenga ndi matumba. Amatola mabotolo, mapulasitiki ndi zidutswa za maukonde. Amasamala ndi magalasi osweka. Madzi akayamba kukwera, onse amatuluka msanga. Amasamba, nakhala pansi kudya pamodzi.

Nchito sithera pamenepo. Nkhanu zimadya mbande zina. Mafunde amazula zina. Pakapita miyezi, anzao aja amayenera kubweranso. Amawerenga mbande zamoyo. Amabzalanso pamene zafa. Amacotsa zinyalala zimene zakola. Motero mitengo imakula, ndipo cinansi cao cimakulanso. Akulu amati mutu umodzi susenza denga.

Alipo masiku awiri oyenera kuwakumbuka. Pa 26 Julayi ndi tsiku la mangal pa dziko lonse. Bungwe la UNESCO linakhazikitsa tsikuli mu 2015. Loweruka lacitatu la mwezi wa Seputembala anthu a m'maiko ambiri amatola zinyalala m'magombe. Masiku amenewa ndi abwino kupanganirapo kukumana.

8. Nanga ife a kumtunda?

Ambiri a ife timakhala kutali ndi nyanja ya mcere. Koma madzi ali ndi njira. Botolo lotayidwa m'khwawa limapita ndi mvula ku mtsinje. Mtsinje wa Revúbuè umathira mu Zambeze pa Tete. Zambeze amathira m'nyanja. Amene amasamala khwawa la kwao amasamalanso gombe.

Ndipo ife tili nalo gombe lina. Ku cigawo ca Niassa kuli nyanja ya madzi opanda mcere, nyanja ya Niassa. Ku Metangula ndi ku Cóbuè anthu amalankhula Cinyanja ngati ife. M'nyanja imeneyi muli usipa, utaka ndi cambo. Mu 2011 boma linaika mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa. Kumeneko kulibe mangal, koma kuli bango. Tiana ta nsomba timabisala m'bango. Anzao akale a kumeneko angapangane kusunga bango, kutola zinyalala, ndi kukumbutsana kuti neti ya udzudzu si yogwirira nsomba.

Ana inu, musapite nokha ku mtsinje kapena ku nyanja. Kuli ng'ona. M'madzi osayenda muli likodzo. Nchito yanu iyambire pa bwalo la sukulu. Tolani zinyalala ndi anzanu. Thirirani mtengo umene kalasi yanu yabzala. Tsiku lina mudzakula, mudzabalalika, ndipo mudzafunana. Mtengo umenewo udzakhala malo okumanirana.

Mau atsopano

Gombe: pamene madzi a nyanja amakumana ndi mtunda. Pa Cipwitikizi ndi costa.

Mangal: nkhalango ya mitengo yomera m'matope a mcere.

Kukwera ndi kutsika kwa madzi a nyanja: pa Cipwitikizi ndi maré.

Namondwe: mphepo yamphamvu yobwera ndi mvula yambiri. Pa Cipwitikizi ndi ciclone.

Wodzipereka: munthu wogwira nchito yothandiza ena popanda malipiro. Pa Cipwitikizi ndi voluntário.

Mafunso

1. Kodi mtsinje wa Zambeze umathira kuti?
2. Ndani amabisala pakati pa mizu ya mangal?
3. Cifukwa ciani sitigwira nsomba ndi neti ya udzudzu?
4. Anzao akale amapita kaye kwa yani asanayambe kubzala?
5. Cifukwa ciani amabweranso pakapita miyezi?
6. Jambulani mtengo wa mangal ndi mizu yace. Jambulani nsomba 3 pakati pa mizu.

Kwa makolo

Werengani phunziro ili mokweza, mwana akumvetsera. Muuzeni za mnzanu wa pa sukulu, kapena wa ku ubusa, kapena wa ku dambo kotunga madzi. Muuzeni kumene ali lero. Ngati simudziwa kumene ali, funsani kwa abale ace. Mukampeza, panganani nchito imodzi yothandiza mudzi: kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, kusesa pa citsime, kapena kukonza denga la sukulu. Sankhani tsiku lodzaonanso nchitoyo. Mutenge ana kuti akaone.