Kodi mumadziwa? Pulogalamu siyenera kuima chilili podikira imelo

Njira yowerengera imelo ya IMAP, imene Mark Crispin anayambitsa ku Stanford mu 1986, imapatsa lamulo lililonse lopita ku seva chizindikiro chakechake. Motero pulogalamu ingatumize malamulo angapo isanalandire yankho la loyamba, mayankho akamafika n'kumawazindikira ndi zizindikirozo. Mu 1997 panawonjezeka lamulo la IDLE, loti seva izinena yokha kalata ikalowa. Choncho ndikuona kuti pulogalamu yongokhala duu kudikira seva ikutaya mwayi waukulu. Ena amati kulemba mapulogalamu osadikira, monga pogwiritsa ntchito asyncio ya Python, n'kovuta. Sakunama, ndipo pa bokosi limodzi la makalata phindu lake n'lochepa. Koma mabokosi akakhala mazanamazana, nthawi yambiri imathera podikira netiweki, ndiye pulogalamu imodzi yosadikira ingawasamalire onse.