Tiyi wa oolong wa fungo la zipatso: kaphikidwe kake ndi zoyenera kusamala

Mukadutsa mumsewu wa Spadina ku Chinatown, mukalowa mu Pacific Mall ku Markham kapena m'sitolo za T&T, mupeza tiyi wolembedwa peach oolong, lychee oolong kapena mango oolong. Achinyamata athu okulira kuno amamukonda kwambiri, ndipo makolo ambiri amafunsa ngati ndi wabwino m'thupi. Yankho lalifupi ndi lakuti tiyi weniweniyo alibe vuto kwa akuluakulu ambiri. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi zimene zathiridwamo, makamaka shuga.

Kodi oolong n'chiyani?

Oolong amachokera ku chitsamba chomwe chija chimene chimalimidwa ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay. Kusiyana kwake kuli pa kakonzedwe. Masamba a tiyi akathyoledwa n'kufinyidwa, amayamba kuda akakhudzana ndi mpweya, monga momwe nthochi yosenda imachitira. Tiyi wakuda amene tinazolowera kumudzi amasiyidwa kuti ade mpaka mapeto. Tiyi wobiriwira amatenthetsedwa msanga asanade. Oolong ali pakati: amada pang'ono, kenako amamuwotcha kuti kudako kulekere pomwepo. N'chifukwa chake sawawa kwambiri, ndipo amagwirizana ndi fungo la mapichesi, mango kapena magalagadeya.

Kwawo kwa tiyiyu ndi chigawo cha Fujian ku China ndi ku Taiwan. Ku Malawi nako amapangidwa: esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imapanga oolong wake.

Dzina limodzi, zakumwa zitatu

Choyamba ndi masamba ouma, a m'paketi kapena m'timatumba, amene anawonjezeramo fungo la chipatso kapena tizidutswa ta zipatso zouma. Mukaphika osathira kanthu, mumamwa madzi onunkhira opanda shuga kapena okhala ndi wochepa zedi. Komabe werengani mndandanda wa zimene zilimo, popeza ena amaikamo zipatso zoviikidwa mu shuga.

Chachiwiri ndi tiyi wa m'botolo. Wina alibe shuga, wina ndi wotsekemera ngati zakumwa zoziziritsa kukhosi. Pa chizindikiro cha Nutrition Facts yang'anani mzere wa Sugars. Magalamu 4 ndi supuni yaing'ono imodzi. Malinga ndi Health Canada, 5 peresenti kapena kutsika ndiye kuti ndi wochepa, 15 peresenti kapena kukwera ndiye kuti ndi wambiri.

Chachitatu ndi wa m'mashopu a bubble tea monga Chatime, CoCo ndi Gong cha. Kawirikawiri kukoma kwa chipatso kumachokera ku madzi okandapala a shuga, ndipo timibulu takuda tija timapangidwa ndi ufa wa chinangwa n'kuviikidwanso mu shuga. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti shuga wothira asapitirire 10 peresenti ya mphamvu ya chakudya cha tsiku lonse, amene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena masupuni aang'ono 12. Kapu yaikulu imodzi ikhoza kutha gawo lalikulu la muyezo umenewu. Mashopu ambiri amafunsa mlingo wa shuga amene mukufuna: sankhani theka kapena kutsika, tengani kapu yaing'ono, ndipo kumbukirani kuti ngakhale mutanena kuti asathire shuga, madzi a chipatso ndi timibulu tija ali naye kale. Kuyambira pa 1 January 2017, lamulo la Ontario limakakamiza makampani okhala ndi nthambi 20 kapena kuposa kuti azilemba ma calorie pa mndandanda wa zakudya, choncho mukhoza kuyerekeza musanagule.

Kaphikidwe kosafuna shuga

Oolong sawiritsidwa m'poto ngati tiyi wamkaka. Mukatero amawawa, ndipo dzanja limathamangira ku shuga.

1. Wiritsani madzi, muwaphule, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti atsike kufika pa madigiri 85 mpaka 95.
2. Ikani supuni yaing'ono imodzi yodzaza ya masamba pa kapu iliyonse.
3. Thirani madziwo, vindikirani, mudikire mphindi zitatu, kenako sefani.
4. Musataye masambawo. Oolong wabwino amapirira kuthiridwa madzi kawiri kapena katatu, ndipo ulendo wachiwiri fungo la chipatso limachepa, kukoma kwa tsamba lenilenilo n'kumveka.

Polawa, yambani mwanunkhiza, chifukwa mbali yaikulu ya zimene timati kukoma imadzera m'mphuno. Pomwa, sungani tiyiyo pang'ono m'kamwa musanameze. Ngati lilime likukana chifukwa linazolowera masupuni atatu, musasiyiretu tsiku limodzi. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse. Kagawo ka lalanje, ndimu kapena pichesi weniweni kamathandiza.

M'nyengo yotentha ya July ndi August, ikani masamba m'jagi ya madzi ozizira, musiye mufiriji usiku wonse, musefe m'mawa. Tiyi wotere sawawa, ndipo akhoza kulowa m'malo mwa zakumwa zotsekemera pachakudya cha banja.

Amene ayenera kusamala

*Caffeine.* Kapu imodzi ya tiyi imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 30 mpaka 50. Health Canada imati wamkulu asapitirire 400 patsiku, ndipo amayi oyembekezera, oyamwitsa kapena amene akufuna kutenga pakati asapitirire 300. Kwa ana ndi achinyamata malire ndi mamiligalamu 2.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye mwana wa makilogalamu 20 amafika pamalirewo ndi kapu imodzi yokha. Powerengera phatikizani khofi ndi zakumwa za cola. Ogwira ntchito usiku apewe tiyi kutatsala maola ochepa kuti akagone.

*Kuchepa kwa magazi.* Tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa mu nyemba ndi masamba. Ngati magazi anu ndi ochepa kapena mukumwa mapiritsi a ayironi, dikirani ola limodzi kapena awiri mukadya kapena mukamwa mapiritsiwo.

*Mankhwala.* Tiyi wina wa m'mashopu amathiramo madzi a grapefruit. Chipatsochi chimasokoneza mankhwala ena a mafuta a m'magazi monga simvastatin ndi atorvastatin, ndi ena a kuthamanga kwa magazi monga felodipine. Muzu wa licorice, umene umapezeka m'zosakaniza zina, umakweza BP ukamwedwa wambiri. Onetsani paketi kwa wa ku famase.

*Kutentha.* Mu 2016 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inanena kuti chizolowezi chomwa zinthu zotentha kupitirira madigiri 65 chikuoneka kuti chimawonjezera chiopsezo cha khansa ya kum'mero. Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansayi ndi yofala kwambiri, choncho uthengawu uwafikenso abale kumudzi. Ngakhale kunja kuli chisanu cha January, lekani tiyi apole mphindi zingapo.

Mudzamva ena akunena kuti oolong amachepetsa thupi kapena kuchiza matenda a shuga. Tiyi si mankhwala, ndipo musasiye mapiritsi amene dokotala anakupatsani. Phindu lake lodalirika ndi lakuti kapu yopanda shuga ikalowa m'malo mwa chakumwa chotsekemera, shuga wa tsikulo amachepa.

Ngati muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena a impso, kapena ndinu oyembekezera, kambiranani ndi dokotala wanu. Ku Ontario mukhozanso kuimba 811 kwaulere, usana ndi usiku, kuti mulankhule ndi namwino, ndipo mungapemphe kuti akulumikizeni ndi katswiri wa za kadyedwe.