Tenti, Ufa ndi Msewu wa M3: Banja la ku Chiradzulu Lingathe Kuona Dziko Lake

Anthu ambiri amangodutsa m'boma la Chiradzulu pothamangira ku Zomba kapena ku Limbe, koma ndi maboma ochepa amene ali pamalo abwino ngati bomali. Munthu akaima pa Njuli, msewu wa M3 umamutengera ku Zomba, ku Liwonde mpaka ku Mangochi dzuwa lisanalowe, ndipo kukacha bwino phiri la Mulanje limaoneka mbali ya kum'mawa. Komabe ana ambiri a m'bomali amamaliza Sitandade 8 ataloweza kuti Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, koma osapondako ngakhale m'tsinde mwa phirilo. Nyanja amaidziwira pa usipa wa pamsika. Izi n'zodandaulitsa, ndipo mfundo yanga ndi yakuti ulendo wa banja wogona m'matenti ndiyo njira yomwe ingathetse vutoli kwa anthu opeza moperewera.

Chimene chimadya ndalama pa ulendo ndi malo ogona ndi chakudya chogula. Banja la anthu asanu likafuna zipinda ziwiri m'mbali mwa nyanja, malipiro a mphunzitsi amatha masiku awiri asanakwane. Malo ambiri ogona alendo ku Cape Maclear, ku Liwonde ndi paphiri la Zomba ali ndi bwalo lokhomapo tenti pamtengo wotsika kwambiri, madzi ndi zimbudzi zili pomwepo. Ufa, nyemba, mbatata, mtedza ndi mapoto zimachokera kunyumba, ndiwo za nsomba zimagulidwa kwa asodzi kugombe. Malo osungirako nyama nawo amalipiritsa Amalawi ndalama zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Wina anganene kuti mabanja ambiri alibe galimoto, ndipo mafuta akhala akusowa ndi kukwera mtengo. N'zoona, ndipo banja lomwe likusowa chakudya cha lero silingauzidwe za kukaona malo. Koma taonani mmene timayendera kale: amayi a Mvano, makwaya, magulu a banki m'khonde ndi matimu a mpira amasonkherana n'kuchita hayala minibasi kupita kutali. Ku maliro ndi ku ukwati timafika ngakhale zitavuta motani. Luso losonkherana tili nalo, kungoti sitinaliganizire kuti lingatengere ana athu kunyanja. Mabanja awiri kapena atatu atagwirizana pakatha kukolola, mtolowo umapepuka.

Ulendowu uyenera kuyambira pakhomo. Ku Mbombwe kuli Providence Industrial Mission yomwe John Chilembwe anakhazikitsa m'chaka cha 1900, ndipo n'kumene kunayambira kuukira atsamunda pa 23 Januwale 1915. Ku Magomero, kumalire ndi Zomba, n'kumene Bishopu Charles Mackenzie anamanga misasa ya mishoni yoyamba ya UMCA mu 1861. Mwana amene waima pamalo amenewa saonanso nkhope ya Chilembwe ya pa ndalama ngati ya munthu wa m'nthano. Kuchoka apo n'kulowera ku Mulanje, kukayambira pa Likhubula. Banja la ana aang'ono silifunika kulimbana ndi nsonga za phiri ayi. Kuyenda kukafika pa Dziwe la Nkhalamba n'kokwanira tsiku limodzi, ndipo amene ali ndi ana osinkhuka angathe kukwera kukagona m'nyumba zamatabwa za pamwamba monga ya Chambe kapena ya Lichenya. Pamwambapo mwana adzaona ndi maso ake zitsa za mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo watsala pang'ono kutha chifukwa cha macheka ndi moto. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Zingakhale zamanyazi kuti anthu a ku Ulaya alidziwe bwino kuposa ana obadwira pafupi nalo.

Paphiri la Zomba pali damu la Mulunguzi ndi dzenje la Chingwe, ndipo usiku umodzi ngokwanira. Ku Liwonde, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, kuli njovu ndi mvuu mumtsinje wa Shire, komanso mikango yomwe anaibwezeretsa mu 2018. Kenako Mangochi, tauni yomwe kale inkatchedwa Fort Johnston. Pafupi ndi mlatho pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani panyanja yathu nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Ku Monkey Bay n'kwawo kwa sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Mathero abwino ndi Cape Maclear, pamudzi wa Chembe, pomwe a Robert Laws ndi anzawo anayamba mishoni ya Livingstonia mu 1875 asanasamukire ku Bandawe, ndipo manda a amishoni ena akadalipo. Malowa ali mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, makamaka mbuna za mawanga owala zija zimasewera m'miyala. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo sabata imodzi yotereyi imaphunzitsa mbiri, sayansi ndi za malo kuposa teremu yathunthu ya pabolodi.

Pali chopinga china chozama kuposa ndalama. Kwa ife kugona panja kumakumbutsa siwa, ndipo ku Chiradzulu tenti ili ndi mbiri yowawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira, ndipo opulumuka ambiri anakhala m'misasa kwa nthawi yaitali. Munthu amene anagona m'tenti atataya abale ndi nyumba sangakakamizidwe kuiona ngati chinthu chosangalatsa, ndipo maganizo akewo ngoyenera ulemu. Koma zomwe zinachitikazo zikutiuzanso kuti ana a m'bomali ayenera kuwadziwa mapiri: kusiyana kwa phiri lovala mitengo ndi lometedwa, kumene madzi amathamangira mvula ikakula, ndi chifukwa chake mitsinje imauma. Zimenezi zimamveka bwino munthu akayenda m'nkhalango n'kumwa madzi a pakasupe. Amene amati zoterezi ndi za azungu aiwala kuti otsogolera alendo ndi onyamula katundu pa Mulanje, odziwa kanjira kalikonse, ndi anyamata a m'midzi ya m'tsinde momwemo.

Zoopsa zilipo ndithu, ndipo si zobisa. Alendo ena anatayika n'kufera pa Mulanje, monga mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, mu 2009, choncho musakwere popanda wotsogolera wodziwika, ndipo chiperoni chikakuta phiri bwererani. M'mbali mwa nyanja muli malungo ndi likodzo: tengani masikito, ndipo mukasamba m'nyanja mukapite kuchipatala mukabwerako. Funsani eni dera za ng'ona ndi mvuu musanalowe m'madzi, ndipo mphepo ya mwera ikamaomba musakweze ana m'bwato. Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, makamaka pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, misewu ili youma ndipo kutentha kwa kunyanja kusanafike poipa. Makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo a ku Namitambo, Thumbwe, Nguludi ndi Mbulumbuzi, yambani kusonkherana mukangokolola, ndipo chaka chino ana akaone Mulanje ndi nyanja ndi maso awo.